Timabotolo ta Eufemia pa Thandala

A Celeste ankadziwika m'malaini onse a pa esiteti ya tiyi ndi ukhondo. Supuni ikagwa pansi ankaitsuka kawiri, kenako n'kuinunkhiza. Tsono musawaweruze msanga pa zimene anachita Lachinayi lija.

Mwana wawo Eufemia, amene ankachita kafukufuku ku yunivesite ku Blantyre, anabwera ndi kabokosi kabuluu. Chinamubweretsa ndi manja a bambo ake, a Armando. Manjawo ankathyola tiyi mwachangu kuposa a aliyense, koma anayamba kunjenjemera mwini wake asanakwane zaka makumi anayi, mpaka anawachotsa kumunda. Achimwene awo a ku Milonde, a Edmundo, chimodzimodzi. Anthu ankati n'zolodzedwa. Eufemia ankati mwina ndi jini, zakumtundu.

"M'maselo a thupi muli mapuloteni, amayi," anafotokoza m'mawa umenewo. "Pali jini ina imene imapanga enzaimu yoika chizindikiro pa puloteni yotha ntchito, kuti ichotsedwe. Jiniyo ikalakwika, zinyalala zimaunjikana."

"Ndiye m'thupi mwa bambo ako simusesedwa?"

"Mwina. N'zimene tikufuna kuona."

Zosesazo a Celeste anazimva bwino lomwe. Zinazo sanadikire, anali ndi ulendo wa kumsika ku Thuchila. Sanamve kuti galimoto ya ku yunivesite idzatenga kabokosiko mawa lake masana, komanso kuti ikapita popanda kanthu, banjalo lidikira chaka china. Sanaonenso abale khumi ndi awiri atabwera kuchokera ku Milonde, kusaina mapepala, aliyense n'kulavulira m'kabotolo kake.

Pobwerako anapeza m'nyumba muli zii, Eufemia ndi bambo ake ataperekeza alendo. Anatsegula kabokosi kaja. Timabotolo tathovu, tonyansa, ndiye tili m'nyumba mwawo! Mwana wophunzira chonchi, apite nato ku Blantyre kuti anthu akati kwawo kulibe sopo? A Celeste anakwinya nkhope, n'kutenthetsa madzi.

Eufemia anapeza timabotolo tija pa thandala, pakati pa makapu ndi mbale, titayera mbee, tikuuma bwinobwino padzuwa. Sanakalipe. Anangokhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kuphimba kumaso.

"Amayi, amenewo anali malovu a banja lonse. Ndiwo amapimidwa."

A Celeste anamva manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire. Komabe munthu wake si wolira nthawi yaitali. Anafunsa ngati kuli timabotolo tina. Tinalipo, tapadera, m'chikwama.

Kutacha anakwera kabaza wa ku Milonde. Kumeneko ndiye kunali ntchito. A Edmundo anakana kwamtuwagalu: malovu si chinthu chopereka kawiri, dzulo anachita kudzikakamiza, ndipo ndani akudziwa kumene oyambawo apita?

"Apita pa nthochi za kuseri kwa nyumba yanga, alamu," anatero a Celeste. "Ndinawataya ndine ndi manja angawa. Ngati pali mfiti pa nkhaniyi, ndiye ndi sopo wanga. Valani nsapato."

A Edmundo anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvala nsapato. Enawo ataona mkulu wanyamuka, anatsatira.

Pofika pa esiteti dzuwa linali litakwera ndithu. Eufemia anakumbutsa lamulo: munthu asadye kapena kumwa kanthu kwa theka la ola asanalavule. Apa m'pamene panawawa. Alendo khumi ndi awiri, ochokera kutali, pakhomo pa a Celeste, popanda tiyi! Anansi ankasuzumira pampanda. A Celeste anatenga ketulo n'kuikhalira pafupi ngati mlonda, ndipo mlamu wina atatambasula dzanja anamumenya ndi chipande.

Anthu analavula, timabotolo tinatsekedwa. Anatsala a Armando okha. Dzulo zinayenda, koma lero, anthu onse akuwayang'ana, manja anakaniratu. Kabotolo kankagunda mano, malovu n'kugwera pa malaya. Galimoto inali itaima kale pamsewu, dalaivala akuliza hutala. Kuseka konse kunatha. A Armando anaweramitsa mutu.

"Basi, zisiyeni," anatero chapansipansi.

A Celeste, amene sankalola ngakhale mwana wakhanda kuwadonthezera dovu pa chitenje, anasiya ketulo ija. Anagwada patsogolo pa amuna awo, natenga kabotoloko ndi dzanja limodzi, linalo n'kugwira chibwano.

"Lavulani, bambo a Eufemia. Ndagwira ine."

Malovu ena anapita m'kabotolo, ena anayenderera pa zala zawo mpaka pachigongono. Sanapukute. Anadikira mpaka malovu anafika pamzere wa pakabotolo, n'kupereka kwa mwana wawo.

"Thamanga nako," anatero. "Akakuuza kuti m'thupi mwa bambo ako simusesedwa, ukawafunse ngati pali tsache lake."