Mawu Amene a Thomson Anameza

Esteri ankapinda malaya a malemu bambo ake, a Thomson, pamene mawu aja anayambiranso. Unali usana, tsiku lachitatu chiikire maliro. Mawuwo ankachokera pakona pamene malemuwo ankagona: mayi wina akudandaula m'Chilomwe, kenako n'kukhala chete ngati akudikira yankho.

Panalibe mwana wa a Thomson amene ankamva Chilomwe. Bambo awowo, omwe paunyamata wawo ankamasulira mawu a mzungu wa ku esiteti ya tiyi, anachiletsa pakhomo. Kingstone, mchimwene wa Esteri, anati nyumbayo igwetsedwe iye asanabwerere ku Blantyre. Esteri anakana. Anakwera kabaza kupita ku Limbuli kukatenga mayi Janeti, okalamba amene anakulira pa esitetipo.

Atafika m'nyumbamo, mayi Janeti anakhala pansi n'kutchera khutu.

"Awa ndi amayi anga," anatero. "Akupempha mzungu kuti asadzale tiyi pamene anaika mwana wawo. Tsikulo ndinalipo, nditagwira nsalu yawo."

Atangotero, mawu aja anazilala. Sanamvekenso.

"Nanga bambo anamasulira kuti chiyani?" Esteri anafunsa.

"Anati mayiyu akuthokoza chifukwa cha ntchito. Tinadzamva kwa khukhi wa mzunguyo patapita zaka."

Anafotokoza kuti mlungu womwewo mabanja awiri anali atathamangitsidwa chifukwa chodandaula. Kaya a Thomson ankateteza banja la mayi Janeti kaya ntchito ya iwo eni, iwo sanadziwe mpaka lero. Kingstone, ali chiimire pakhomo, anawapempha kuti nkhaniyi isamveke kwa anthu. Mayi Janeti anangonyamula ndodo yawo n'kunena kuti awatsatire.

Anayenda m'mizere ya tiyi, phiri lili phee pamwamba pawo. Mkati mwenimweni mwa munda munali kamalo konga mphasa, kopanda tiyi, kozunguliridwa ndi miyala. Mayi Janeti anati akapitawo ankadzalapo chaka ndi chaka, koma mbande zinkapezeka zitazulidwa, mpaka anatopa.

"Ndinawapezapo kamodzi bambo anu, atagwada, akuzula udzu."

"Anakuuzani chiyani?"

"Sitinalankhulane. M'chinenero chiti, mwanawe?"

Udzu unali utamera wa mwezi umodzi, nthawi imene a Thomson anagona m'chipatala. Pansi pa chitsamba cha tiyi Esteri anaona kakhasu kobisika, mpini wake utasalala ndi manja. Anakasolola, namanga chitenje, n'kuyamba kupalira kumutu kwa manda.