Mtengo Wokanira wa a Bongololo

"Werenganso pamenepo," anatero a Bongololo, timisomali tili kukamwa, nsapato ya mwana ili pabondo.

Mzime, mwana wawo wotsiriza, anausa moyo n'kuyambiranso. Anali atathawa kuntchito masanasana chifukwa cha uthenga umenewu. Kampani ina yaikulu yopanga nsapato za ana inali itawasumira bambo ake ku bungwe loweruza mikangano ya mayina a pa intaneti. Inkati dzina loti Bongololo ndi chizindikiro cha malonda ake, inalembetsa kuboma, choncho adiresi ya tsamba la bambowo iperekedwe kwa iyo.

"Dzina langali?" Analavulira timisomali tija m'dzanja. "Kampani imeneyo inabadwa liti?"

Wometa wa khomo loyandikana nalo, amene makutu ake sankadziwa khoma, anasuzumira lumo lili m'manja.

"Mwamva, achimwene? Kuyambira lero ndinu wobwereka. Muzilipira lendi tikakuitanani."

Dzinalo a Bongololo anapatsidwa ali mnyamata, nthawi imene ankazungulira m'makomo atakoloweka nsapato za anthu m'khosi, zochuluka ngati za munthu wa miyendo zana. Linawakanirira mpaka linakwera pachikwangwani pamwamba pa chitseko. Zigamba anasiya kalekale. Tsopano ankasoka nsapato za ana obadwa ndi mapazi opindika, kapena mwendo wina waufupi, ntchito imene anzawo ankaithawa chifukwa imadya nthawi ndipo phindu lake n'lochepa.

Tsamba la pa intaneti anawatsegulira ndi Mzime. Iwo poyamba ankaliyesa chibwana, koma ndi limene linawadziwitsa kutali. Anamwino a m'zipatala zomwe iwo sanapondeko ankalemba adiresiyo pakapepala n'kupatsa makolo. Kholo linkaimika mwana papepala, kuzunguliza phazi ndi pensulo, kujambula ndi foni n'kutumiza. Timapepala ta adiresi timeneto tinali titamwazika m'zikwama ndi m'matumba a anthu osawerengeka, ndipo a Bongololo ankadziwa kuti ena amatisunga mpaka mwana atayamba kuyenda.

"Musade nkhawa, ababa," anatero Mzime. "Ndafunsa mnzanga wina loya. Akuti ngati munthu amadziwika ndi dzinalo ndipo akuligwiritsa ntchito moona mtima, samulanda. Amalanda amene anatenga dzina kuti adzaligulitse."

Anapitiriza kutsitsa chala pafoni, kenako chala chija chinaima.

"Ababa, kodi anthuwa anayamba akulemberanipo?"

"Eya, chaka chatha. Ankafuna kugula."

"Ndiye munawayankha chiyani?"

"Ndinakana."

"Munakana bwanji?"

"Mmene munthu amakanira. Ndinawatchulira mtengo."

Mzime anakhala pansi pa mulu wa zikopa. Yankho la bambo ake linali pomwepo, kampani italiphatikiza pa madandaulo ake ngati umboni. Linali laulemu kwambiri, loyamba ndi moni ndi kufunsa za kunyumba. Kumapeto kwake kunali mtengo woti munthu angagule msewu wonsewo, nyumba zake, ndi wometa yemwe.

Apa tiwaikire kumbuyo a Bongololo, chifukwa sanachite zachilendo. Mumsewu umenewo munthu akasirira chinthu chako chosagulitsa, sumuuza kuti ayi pamaso. Kumeneko n'kumuchititsa manyazi, ngati ukumuuza kuti si woyenera kukhala nacho. Umatchula mtengo wamisala, iye amagwira pakamwa, nonse mumaseka, ndipo amachoka ulemu wake uli wonse. Wometa uja anakanira motero galasi lake lakale kwa anthu ambirimbiri, ndipo palibe anamusumira.

"Ndani wamutu wake angakhulupirire mtengo umenewo?" anafunsa a Bongololo. "Ngakhale mwana angadziwe kuti ndikukana."

"Akuti ndi umboni woti munatenga dzinali kuti muwakame."

"Kuwakama? Ine ndinkawalemekeza!"

"Ulemu wanuwo ndi umene watipachika," anatero Mzime, misozi ili m'maso chifukwa cha mkwiyo. "Bwanji simunandifunse?"

"Ndizifunsa mwana kakanidwe?"

Sabata imeneyo a Bongololo anatulutsa jekete yawo ya maukwati n'kuipereka kochapa. Anauza wometa kuti awamete bwino. Posoka ankayeserera zokanena, ndipo wometa ankakhala woweruza, akugogoda khoma ndi chipeso. Mtima wawo unali m'malo. Ankadziwa kuti munthu aliyense akawaona, akaona manja awo ndi nsapato zokhotakhota zili pashelefu, amvetsa nkhani yonse asanamalize n'komwe kulankhula.

"Tipita liti kubwaloko?" anamufunsa Mzime atabwera Loweruka.

"Kulibe bwalo, ababa."

"Nanga mlandu akaweruzira pati?"

"Amangowerenga zimene mbali zonse zalemba. Oweruzawo sitidzawaona, nawonso sadzationa."

A Bongololo anayang'ana jekete ija ili m'pulasitiki pamsomali. Zinawapweteka kuposa kusumiridwa kumene. Moyo wawo wonse milandu ankaithetsa ndi pakamwa, maso ndi maso, ndipo sankadziwa kuti munthu angaweruzidwe ndi anthu amene sanamve ngakhale kutsokomola kwake.

Mzime ndi mnzake loya uja analemba yankho. Anaikamo zithunzi za chikwangwani ndi za nsapato, nafotokoza mmene anthu a mumsewuwo amakanirana. Koma kakanidwe kameneko kakalembedwa papepala kamaoneka ngati bodza lopeka mlandu utafika kale. Komanso kampani inali italembetsa chizindikiro chake tsamba la a Bongololo lisanatsegulidwe, pamene iwo dzina lawo sanalilembetse kwina kulikonse kupatula m'kamwa mwa anthu.

Chigamulo chinabwera pafoni, mopanda mwambo, pakati pa uthenga wa kutchalitchi ndi wotsatsa malonda. Adiresi iperekedwe kwa kampani.

Mzime sanachite mphwayi. Anatsegula tsamba lina la dzina lina, nalembera makolo onse amene anali atatumizapo uthenga, naimbira anamwino amene ankawadziwa. Ananenanso zopita kukhoti lenileni, koma loya anawauza moona kuti zimenezo zingatenge zaka, ndipo chikwama cha kampani n'chakuya.

"Amene tikuwadziwa tawauza," anatero Mzime.

"Nanga amene sitikuwadziwa?"

Mzime anatenga foni yake. Anatsegula adiresi yakale ija n'kuwaonetsa. Panali ana onenepa akudumpha pa kapinga, atavala nsapato zowala, mapazi onse owongoka. A Bongololo anaganiza za mayi amene wasunga kapepala kake chaka chathunthu, mwana wayamba kuimirira, iye n'kutsegula n'kupeza zimenezi. Mayi wotero sangafunsenso kwina. Angoti nesi uja ankandiseka.

Mmawa mwake anavala jekete ija, nakwera basi okha osauza munthu.

Ku ofesi ya kampani anawadikiritsa pampando wofewa kwambiri moti podzuka anachita kugwira khoma. Kenako anawalowetsa kwa mayi woyang'anira malonda, wamsinkhu wa Mzime, amene anawalandira mwaulemu koma akuyang'anayang'ana chitseko. Ankayembekezera phokoso.

"Sindinabwerere mlandu, mayi," anatero a Bongololo. "Mwawina. Ndabwera kudzapempha."

Mawu amenewo anatuluka movutikira, chifukwa bambowa chiyambire sanapemphepo kanthu kwa munthu. Anatulutsa m'thumba nsapato imodzi yaing'ono, ya chidendene chokhuthala ngati buledi, n'kuiika patebulo.

"Amene amafuna izi azifika kwa inu tsopano. Inu simupanga. Ndikupempha mzere umodzi pansi pa tsamba lanu, ngakhale wa tizilembo ting'onoting'ono. Muzingoti, amene mukufuna nsapato za mapazi opindika, imbani nambala iyi."

Mayi uja anaitembenuza nsapatoyo m'manja kwa nthawi ndithu. Ananena kuti mauthenga otero anali atayamba kale kufika, zithunzi za mapazi ojambulidwa ndi pensulo, ndipo anyamata ake sankadziwa chochita nawo. Anatuluka kukaimba foni. Atabwerako nkhope yake inali ya munthu amene watumidwa mawu osawakonda.

"Maloya athu avomera, bambo, koma pali chimene akufuna. Akuti anthu asamasokonezeke. Dzinalo mulisiyiretu, pachikwangwani, pamalisiti, ndi pansi pa nsapato pamene mumadinda."

"Chigamulo chija sichinanene za chikwangwani."

"Sichinanene, n'zoona. Mukhoza kukana, ndipo palibe angakukakamizeni lero." Anazengereza pang'ono. "Koma mukakana, mzerewo sitiuika."

A Bongololo anayang'ana manja awo, kenako nsapato ija. Mtima unkawawa, ndipo sanabise.

"Dzina limeneli ndakalamba nalo, mayi. Mkazi wanga mpaka tsiku lomwalira ankandiitana nalo." Anatambasula dzanja. "Bweretsani posainapo."

Mzime atamva anakalipa mpaka mawu anasasa. Anati awabera kawiri, ndipo kachiwiriko anachita kukapereka okha. Bambo ake sanatsutse. Anangomutuma kuti akagule penti yoyera ndi bulashi.

Anakwera okha pamakwerero, Mzime atagwirira m'munsi, nkhope ili kumbali. Zilembo za pachikwangwani zinali zakale, zozama m'thabwa, ndipo penti yoyamba sinazibise. Wometa anatuluka kuti aponye nthabwala, koma ataona mnzake akubwerezanso penti pa dzina lake lomwe, anabwerera mwakachetechete n'kukatenga bulashi ina.

Anthu a mumsewu sanasiye kuwaitana a Bongololo, pakuti pakamwa pa anthu sipapakidwa penti. Koma iwo anachotsa chidindo chawo patebulo, ndipo nsapato zinayamba kutuluka zopanda dzina.

Patapita masabata angapo foni inalira iwo akudula chikopa. Anali mayi wa mawu otsika, amene ankamveka kuti akuimba kuchokera kutali ndipo akuopa kuti mayunitsi amuthera.

"Pepani, nambalayi ndaipeza pansi pa tsamba la kampani ya nsapato. Anesi anandipatsa kapepala mwana wanga atangobadwa, koma ndimaona ngati ndasochera. Kodi ndikulankhula ndi ndani?"

A Bongololo anatsegula pakamwa kuti atchule dzina lawo, n'kutsekanso.

"Ndi wosoka nsapato, mayi. Simunasochere." Anakoka pensulo kukhutu. "Mwanayo wayamba kuimirira?"