Kumene Doris Amagona Usiku

Mu msewu wathu nkhani ikalowa pa khomo loyamba m'mawa, pofika masana imakhala yatulukira pa khomo lomaliza itanenepa. Nyumba zake n'zogundana, khoma limodzi mabanja awiri, moti ukayetsemula kuchipinda, a nyumba inayo amamva. Nthawi zambiri wonyamula nkhanizo ndimakhala ine, sindikana. Mnzanga Jodie amati pakamwa panga anaiwala kuikapo chitseko. Koma chaka cha korona nkhani inatembenuka n'kuloza pakhomo pathu.

Doris si munthu. Ndi galimoto yathu yogonamo, ija yokhala ndi bedi, kasitovu ka gasi ndi kachimbudzi kopanikiza mawondo. Dzinalo anapereka ndi amayi, ati imatsokomola m'mawa ngati azakhali awo a Doris. Tikachoka kutchuthi, Doris ankakakhala pa famu ina kunja kwa tauni kumene anthu amasungitsa magalimoto otere, chifukwa nyumba za mu msewu wathu zilibe mabwalo. Ukatsegula chitseko, phazi lako lili kale panjira ya anthu.

M'bindikiro utayamba, abambo anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, sukulu yathu n'kutsekedwa. Amayi okha ndiwo ankatulukabe. Amagwira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Tsiku limene matenda analowa kumeneko, anafika madzulo n'kuima panja osakhudza ngakhale chitseko. Mlongo wanga wamng'ono Rory ali ndi mphumu yoipa, yoti chimfine wamba chimamugoneka m'chipatala.

"Neville, kamutenge Doris," anatero amayi. "M'nyumbamo sindilowanso mpaka zimenezi zithe."

Abambo anakamutenga n'kumuimika mu msewu, moyang'anizana ndi zenera lathu la pabalaza. Amayi anatichenjeza kuti tisauze munthu. "Makamaka iwe, Keeley. Anthu ali ndi mantha masiku ano. Usoke pakamwapo."

Ndinasoka ndithu, ngakhale ulusi wake unkandiyabwa. Amayi ankanyamuka kusanache, n'kubwera anthu atatseka makatani. Abambo ankatenga zikwama ziwiri madzulo aliwonse, cha chakudya ndi cha yunifomu yochapa, n'kuziika pa khomo la Doris. Kenako ine ndi Rory tinkakwera pampando wa pazenera, amayi n'kukankha katani pang'ono, tizicheza pa foni tikuonana nkhope. Rory ankawaonetsa zimene wajambula, iwo n'kumamuuza kuti atsegule pakamwa aone ngati watsuka mano. Mwana ameneyu sankagona asanaone kanyale ka mwa Doris katayaka. Ankati amayi ali kuchipinda china chabe, chokhala ndi matayala.

Kumsika ndiye kunali misala. Musitolo yaikulu mashelefu anali gwaa, ngati akuba anadutsamo ndi tsache. Makaroni kulibe, mpunga kulibe, fulawa kulibe, sopo wosambira m'manja osatchula n'komwe. Anthu amene moyo wawo wonse sanaphikepo buledi ankalimbirana isiti. Jodie anandilembera kuti anaona a Ogden a pa nambala 9 atanyamula matumba a chakudya cha galu, chonsecho galu wawo anafa chaka chatha. Koma chimene chinapengetsa anthu kwambiri ndi mapepala a kuchimbudzi. Mpaka lero sindikumvetsa, matenda ake a m'chifuwa, anthu n'kumathamangira zakumbuyo. Ife tinkadya zimene zatsala: mapichesi a m'chitini, nsomba za m'chitini zimene aliyense anazikana, ndi mbatata tsiku ndi tsiku.

Ndiye kunabwera za inshuwalansi. Ya Doris inkatha Lachinayi, ndipo lamulo lake ndi lakuti galimoto yopanda inshuwalansi siima mu msewu wa boma, ngakhale isakuyenda. Akakupeza amaikoka. Abambo anaganiza kuti ndi nkhani yongoimba foni kamodzi. Anakhala patebulo la kukhitchini ndi kapu ya tiyi, foni ataikweza mawu, ikuimba kanyimbo kodikirira kamene kanandilowa m'mutu mpaka ndinkakaimba kubafa.

Kampani yathu yakale inayankha tiyi atazizira.

"Galimotoyo imagona kuti usiku, bambo? Pa famu pomwe paja?"

"Ayi, panopa ili pakhomo. Mu msewu."

"Mu msewu. Chabwino. Pali amene akukhalamo?"

Abambo anandiyang'ana, ine n'kuwapukusira mutu mwamphamvu. Koma abambo anga bodza limawatsamwitsa.

"Mkazi wanga. Kwa kanthawi chabe. Amasamalira okalamba."

"Aa, muwathokoze kwambiri m'malo mwathu," anatero mnyamatayo mwaulemu. "Koma pepani, inshuwalansi yathu ndi ya galimoto yopitira kutchuthi. Ikasanduka nyumba sitingathe."

Anayesa kampani ina, kenako ina, kenako pa kompyuta. Mafunso ake omwewo, ngati anthuwo anabadwa kwa mayi mmodzi. Imagona kuti? Mukukhala munthu? Ena akangomva za msewu ankatchula mtengo woti abambo ankavula magalasi n'kupukuta maso. Akamva za amayi, onse ankathokoza kaye kenako n'kukana. Sindinamvepo munthu akuthokozedwa chonchija.

Amalume Darren anaimba n'kuseka. "Neville, ndiwe mbuzi. Ungonena kuti ili pa famu, mulibe munthu. Abwera ndani kudzasuzumira?"

"Chinthu chachikulu ngati basi chili pakhomo panga, Darren, ndichibise m'thumba? Nanga gasi akayaka, ndidzati anali mu famu ndani?"

"Basi khala ndi chilungamo chakocho, uchiphike udye."

Amene anatipatsa nzeru ndi mayi wina wa mawu otopa, amene ankagwirira ntchito kunyumba, khanda likulira kumbuyo kwake. Nayenso anakana, koma asanadule anatsitsa mawu. "Bambo, ikachoka mu msewu n'kuima pabwalo la munthu, osayenda, lamulo silikukakamizani inshuwalansi. Mumangodziwitsa boma kuti yaima. Mulibe mnansi wokhala ndi bwalo?"

Mu msewu wonse bwalo lili ndi munthu mmodzi: Mayi Entwistle a pakona, nyumba zitatu kuchoka pathu. Amuna awo atamwalira anagulitsa galimoto, bwalolo n'kungokhala ndi miphika iwiri ya maluwa. Kuchokera pazenera la Rory pamaoneka bwinobwino. Abambo anati apita Lachitatu madzulo akawapemphe mwaulemu, ayambe ndi zosungitsa galimoto, za amayi azilowetse pang'onopang'ono gogoyo akafewa.

Lachitatu lomwelo m'mawa anandituma kusitolo, chifukwa Jodie anamva kwa msuweni wake kuti lole ya mapepala yafika. Mzere unazungulira malo oimika magalimoto, aliyense ataima pa kachizindikiro kake kachikasu, motalikirana. Kutsogolo kwanga kunali Mayi Entwistle, kutsogolo kwawo Mayi Ogden. Ine ndinali nditadzikulunga sikafu mpaka m'maso, ndiye sanandizindikire.

Miseche ya nthawi imeneyo inali yovuta, ndikuuzeni. Munthu sunganong'one uli patali chonchija. Umachita kukuwa.

"Brenda, wamva za a Neville?" anafuula Mayi Ogden. "Chigalimoto chija chadzaza mpaka kudenga! Mapepala, makaroni, zitini. N'chifukwa chake makatani sawatsegula."

"Ndimawaona ine, Maureen!" anayankha Mayi Entwistle. "Madzulo aliwonse zikwama ziwiri. Ife tikudula nyuzipepala, ena akumanga sitolo pamatayala."

"Ndipo mkazi wawo Lorraine sakuonekanso. Akuti anathawa. Ungakhale bwanji ndi mwamuna wodzikonda choncho?"

Anthu a pamzere anatembenuka, wina n'kutsonya. Ine magazi anakwera kumutu. Ndinakoka sikafu ija.

"Bodza! Bodza lenileni! Mulibe pepala ngakhale limodzi mwa Doris. Muli amayi anga! Amagona mmenemo chifukwa kuntchito kwawo kuli korona, okalamba akufa, ndiye sakufuna kupatsira Rory. Inuyo mumawaombera m'manja n'kumenya mapoto Lachinayi lililonse pothokoza osamalira odwala, lero mukuti anathawa!"

Ndinkadikira kuti achite manyazi. Ndinali nditakonzeka kale kuwakhululukira pamaso pa anthu. Koma Mayi Ogden anangokweza kolala ya jekete n'kutseka mphuno. Bambo amene anali kumbuyo kwanga anabwerera ndi ngolo yake mpaka anaponda wina. Mayi Entwistle anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kuli korona, mwanangu?" anafunsa chapansipansi. "Ndipo akugona mu msewu mwathu?"

Paketi imodzi ya mapepala ndinaipeza, banja lililonse imodzi basi. Nditafika nayo kunyumba ndinawafotokozera abambo zonse. Sanakalipe. Anangoti, "Ndiye palibenso zolowetsa pang'onopang'ono," n'kuvala jekete lawo labwino. Anatenga paketi ija pansi pa mkono ngati mphatso, ine n'kuwatsatira chapatali.

Mayi Entwistle sanatsegule chitseko. Anatsegula zenera la m'mwamba.

"Imani pomwepo, Neville. Musakhudze geti."

"Mayi Entwistle, ndabwera kudzapempha bwalo lanu. Doris aima kumapeto uko, kutali ndi khomo. Lorraine sadzakhudza kanthu kanu. Simudzamuona n'komwe."

"Mpweya umayenda, Neville. Pa wailesi akuti umakhala ngakhale pazitsulo."

"Tizipukuta geti m'mawa ndi madzulo. Keeley azikuguliraninso zinthu kusitolo, musamaime pamzere."

"Ameneyo? Tauni yonse idziwe sopo amene ndimasamba?" Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Lorraine ndimamukonda, mukudziwa. Ndi amene anatseka maso a Harold wanga. Lachinayi poto wanga ndi amene amamveka kuposa onse. Koma ndine nkhalamba, ndili ndekha. Ndikagwa muno adzanditola ndani?"

"Mwana wanga sagona asanaone nyale ya amayi ake."

Ndinaona dzanja la gogoyo likugwira chotsekera zenera, kusiya, kugwiranso.

"Pepani, Neville. Zikatha izi mudzabwere tidzamwe tiyi."

Zenera linatsekedwa. Abambo anaika paketi ija pakampanda ka njerwa, kaya poiwala kaya dala, n'kubwerera.

Amayi atamva pa foni sanadabwe. Anati kuntchito kuli kachipinda kosungiramo mabulangete, anzawo awiri akugona kale kumeneko, awonjezerapo matiresi. Ndinawauza kuti ndi ine ndinamasula pakamwa. "Akanadziwabe, Keeley," anatero. "Unkafuna ndizitulukira pansi ngati mbewa?" Kenako anapempha kuti ndiwapatse Rory, ndipo zimene anakambirana sindinazimve. Ndinangoona Rory akukanda galasi ndi chala.

Lachinayi amayi anaweruka mochedwa. Anasonkhanitsa zovala zawo, n'kukhala pa chiwongolero okha kuti abweze Doris ku famu, chifukwa abambo sakanakwera nawo. Mnzawo wa kuntchito anati akawatenga ku famu. Doris anatsokomola, kutsokomolanso, kenako analira. Dzuwa linali lisanalowe, ndipo mwatsoka inali nthawi ija yoombera m'manja anthu osamalira odwala.

Zitseko zinatseguka msewu wonse. Manja, mapoto, malikhweru, wina belu la njinga. A Ogden anatulutsa chivindikiro cha bini ya zinyalala. Amayi anayendetsa Doris pang'onopang'ono pakati pa phokosolo, atavalabe yunifomu, maso ali kutsogolo. Ena anaomba mwamphamvu atawaona, koma aliyense anabwerera kulowa pakhomo pake pamene galimoto inkadutsa. Pakona, Mayi Entwistle anali pazenera lawo la m'mwamba, akumenya poto ndi chikombe, misozi ili mbwembwembwe. Pansi pawo bwalo lili pululu, miphika iwiri ya maluwa basi.

Rory anali pampando wa pazenera, chipumi chili pagalasi. Abambo anaomba m'manja kawiri n'kuwaika m'matumba. Ine anga anali m'khwapa.

Pogona Rory anafunsa ngati kachipinda ka mabulangete kali ndi nyale. Ndinati kali nayo. Anafunsa ngati ingaoneke munthu atakwera padenga lathu, ndinati kaya, mwina. Anapita pazenera kambirimbiri mpaka abambo anamunyamula.

M'mawa pamalo pa Doris panali pataima kale galimoto ya a Ogden, itaphimba dontho la oilo limene anasiya. Jodie anandilembera kuti ali ndi nkhani yotentha ya mphunzitsi wathu wa masamu, ndimuimbire msanga. Sindinamuimbire. Kunayamba mvula, ndipo ndinakhala pazenera la Rory kuyang'ana pakona. Paketi ija inali pakampanda pomwepaja, palibe amene analimba mtima kuikhudza. Pulasitiki yake inali itang'ambika pakona, madzi akulowa, mapepala akufufuma.