Tomato wa M'shedi ya a Gerevazio

"Mu Julayi, chisanu chili pachimake, mudzadya tomato wanga pano pa Kasina, wofiira, wodzaza dzanja," anatero a Gerevazio Zilole akukhomera pulasitiki pa shedi yawo yatsopano. Anali atagulitsa njinga yamoto kuti agule pulasitikiyo. Tomato akanakanika, akanatsala opanda njinga, opanda munda.

Bambowa anali atayenda. Anathyolapo maluwa ku Kenya, analimapo tomato m'mashedi akuluakulu ku Limpopo, ndipo kumeneko anaona alimi akupopera mpweya wa kaboni m'shedi, mbewu n'kumakula ngati zikuthamangitsidwa. Ankauza aliyense wowatchera khutu kuti mpweyawu ukuchuluka padziko lonse chifukwa cha utsi wa mafakitale ndi magalimoto. Tomato, nyemba ndi kachewere zimaukonda, chisoso nachonso, koma chimanga sichipindula kwenikweni. Kuipa kwake, ankatero, panja umabwera ndi kutentha ndiponso mvula yosadziwika bwino. M'shedi munthu amatengako chokoma chokhacho.

Makina opopera analibe, choncho anayatsa mbaula ya makala. Utsi unayoyola maluwa a mizere iwiri, eni ake n'kutuluka chokwawa, mutu ukuwawa.

Mlamu wawo a Falesi, ofulula masese, anawapeza atakhala pachulu.

"Alamu, ku Limpopo kuja munkaphunzira kulima, kapena kuwamba nyama?"

"Sekani. Koma thovu la mowa wanu ukamawira limatulutsa mpweya womwewu, wopanda utsi. Inu mumangoutaya."

A Falesi anali ndi vuto lawo: m'chisanu mowa umachedwa kupsa, ndipo ankafuna wa pachiliza cha malume awo. Anavomera kulowetsa migolo iwiri m'shedimo poti munali mofunda. Koma masana munkatentha kwambiri, ndipo mowa unasasa. Pachiliza anthu analawa n'kulavulira kumbali, abale onse akuona.

M'mawa mwake a Falesi anafika osapereka moni.

"Safunsa anadya phula. Munandifunsa ine kuti mowa umafuna kutentha kotani? Mwandiyalutsa, alamu."

A Gerevazio analonjeza kubweza ndi tomato woyamba kucha.

"Tomato wake uti? Wobala pakamwa panuyo?"

A Gerevazio anagula chimera ndi chimanga okha, n'kupempha kuti ayesenso, ulendo uno molamulidwa ndi mwini luso. A Falesi anakana migolo. Anawakumbitsa maenje pakati pa mizere, anakwiriramo mbiya mpaka m'khosi, n'kuzifunditsa masaka onyowa. Dzuwa likafika pamutu, a Gerevazio ankakweza pulasitiki wa m'mbali kuti mulowe kamphepo.

Mowa unapsa bwino, ndipo mbiya zikatuluka zina zinkalowa. Tomato anaphuka maluwa atsopano, masamba anakandapala, nthambi zinalemera mpaka zinafuna mitengo yochirikiza. Omwe ankabwera kudzagula masese ankasuzumira m'shedi n'kuiwala kumwa.

Pofika mu Julayi, amalonda a ku Chimbiya anamva mbiri n'kubwera okha kudzalimbirana. A Gerevazio anawaimika panja onsewo, wina atagwira kale chikwama. Analowa m'shedi, anasankha tomato wamkulu yekhayekha, n'kumusenza okha pamutu maulendo anayi, kudutsa pakati pa mudzi kupita kwa a Falesi, akupereka moni mokweza khomo lililonse.

A Falesi anatola mmodzi, anamutembenuza, anamununkhiza.

"Kodi saledzeretsa ameneyu?"

"Dyani muone."

A Gerevazio anawatulira pakhonde madengu anayi odzaza, ndipo ngongole ya pachiliza inathera pomwepo.