Nkhope ya a Consolata

A Henderson sadziwa kusiya. Mukawapatsa burashi m'mawa, madzulo muwapeza akupakabe penti pamalo omwewo mpaka chinsalu chojambulapo kulemera ngati chitseko. Luso ali nalo, kuposa ine ndi Rashida kutiphatikiza pamodzi, koma diso lowauza kuti basi zakwana, limenelo Mulungu anawamana.

N'chifukwa chake tinali ndi lamulo lathu. Loweruka lililonse atatufe tinkakwera phiri la Zomba n'kukakhala pansi pa mitengo ya paini pafupi ndi damu la Mulunguzi, aliyense ndi chinsalu chake. Mwini chithunzi sankaloledwa kunena kuti chatha. Anzake ndiwo ankadzuka, kuchiyang'ana, ndipo akagwirizana ankamulanda burashi m'manja. Ine ankandilanda mwa apo ndi apo. A Henderson tinkawalanda sabata ndi sabata, iwo akudandaula kuti kwangotsala kakang'ono.

Akazi awo, a Consolata, ankagulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera phiri. Akaweruka ankabwera kudzatiseka kuti anthu akuluakulu tikudetsa zovala ngati ana a mkaka. Kujambulidwa pafoni ankadana nako, mukangowalozetsa foni, chitenje kumaso. Koma tsiku lina Rashida anawanyengerera mpaka anakhala pachitsa, dengu pamiyendo, amuna awo n'kuyamba kuwajambula. Dzuwa lisanapendeke nkhope inali itatuluka yonse. Eni akewo atasuzumira anangoti zii, munthu wolongolola ngati amene uja. Rashida anandikodola, ndipo tinawalanda burashi a Henderson mwamphamvu ndithu, penti n'kunditayikira pabulauzi.

"Koma diso lamanzereli silinakhale bwino," anatero a Henderson.

"Lisiyeni diso la eni ake," anayankha Rashida.

Chithunzicho anakachipachika pabalaza, ndipo padziko lonse chinali chokhacho chosonyeza nkhope ya a Consolata.

Gulu lathu silinathe ndi mkangano ayi. Bambo a Rashida anadwala, iye n'kutenga sitolo ya banja m'tauni, ndipo Loweruka ndiye tsiku la malonda. Kusukulu kumene ndimaphunzitsa anayambitsa makalasi a Loweruka. Tikakumana pamsika tinkauzana kuti mvula ikatha tiyambiranso. Mvula inatha, inabweranso, ife tikungouzana zomwezo. Kenako a Consolata anamwalira atangodwala masiku ochepa. Pamaliro tinalira limodzi, tinatchulanso zaphiri, aliyense n'kubwerera kwake.

Mwezi wathawu a Henderson anandiimbira foni. "Achemwali Clara, tabwerani mudzaone kanthu." Mawu awo sanandisangalatse, moti ndinakwera kabaza nthawi yomweyo mpaka kwawo ku Masongola.

Chithunzi chija sichinalinso pakhoma. Ndinachipeza pampando, pafupi ndi zenera, pambali pake pali zitini za penti zotsekula. Dengu linalipo, chitenje chinalipo, ngakhale chitsa chija. Koma pamene panali nkhope panali chibuluma chotuwa, chokandapala ngati matope ozira nyumba. Pakati pake chinsalu chinkaonekera, pamene anayesa kupala ndi mpeni, penti yakale n'kuchokera limodzi ndi yatsopano.

Ndinakhala pansi osapatsidwa mpando.

"Ndimangofuna kukonza diso lija," anatero a Henderson, akuyang'ana pansi. "Nditalikonza, mphuno inaoneka yolakwika. Nditagwira mphuno, masaya anasintha. Tsiku lililonse ndikadzuka ndinkaona ngati ndatsala pang'ono kumubweza."

Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinafuna kuwagwedeza mapewa munthu wamkulu ameneyu.

"Nanga bwanji osatiitana, achimwene? Foni muli nayo, Rashida ali pompano m'tauni."

Anandiyang'ana popanda mkwiyo uliwonse, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chimenecho.

"Ndikanakuitanani Loweruka liti?"

Kunja ana ankasewera mpira wachikulunga, ukugunda mpanda wa malata. Ndinkangoganiza kuti tikanakhala kuti tikukwerabe phiri, chithunzichi akanabwera nacho mlungu woyamba womwewo, ife n'kuwakalipira, n'kuchibweza pakhoma chili chonse. Ntchito yake inali yochepa choncho.

Kenako anatenga burashi yoyera, anaipukuta pamalaya, n'kundipatsa.

"Inu munkamuona mlungu ndi mlungu. Ine mutu wanga wasokonezeka, ndikatseka maso ndikungoona matopewa. Muikeni inu. Ngakhale zisafanane kwenikweni, bola ndizimuzindikira."

Ndinailandira. Ndinasakaniza penti mpaka khungu la a Consolata linatuluka, lakuda moyera pang'ono, ndipo pamenepo sindinavutike. Ndinaimirira kutsogolo kwa chinsalu, dzanja lili m'mwamba. Mawu a a Consolata ndinkawamva bwinobwino m'makutu, ngakhale chifuwa chimene chinkawagwira akaseka kwambiri. Mayendedwe awo potsika msewu uja ndinkawaona. Koma nkhope inkangondithawa. Ndikati ndaigwira, inkakhala ya mayi wina wapamsika, kapena ya mng'ono wawo amene ndinamuona pamaliro. Penti inayamba kuuma paburashi ndisanakhudze chinsalu.

"A Henderson," ndinatero motsitsa mawu, "kodi mphumi yawo inali yotambalala kapena yopapatiza?"

Anayang'ana chibuluma chija.

"Ine ndimayesa inu mukukumbukira," anatero.