Wogulitsa Munda wa Konipe

Konipe Yahola anadziwa kuti anagulitsa munda wake tsiku limene mzungu wina, Pruitt, anafika pa ngolo n'kuyamba kutsitsa mipando pansi pa mapichesi ake, m'mbali mwa mtsinje wa Tallapoosa.

"Mwagulitsa liti, abambo?" anafunsa mkazi wake Mahoyi. "Sabata yonseyi munali chigonere ndi malungo. Kapena mumagulitsira kutulo?"

Kutacha Konipe anakwera bulu kupita kwa mkulu wa boma woona za minda ya Amuskogi, anthu a mtundu wake, eni dzikolo azungu asanabwere.

"Konipe Yahola ndikumudziwa," anatero mkuluyo kudzera mwa womasulira. "Anabwera Lachiwiri, anagulitsa ine ndikuona. Wamfupi, wa diso limodzi. Iwe uli nawo awiri."

"Ndinabadwa nawo, bwana."

"Ndiye usamadzitche dzina la mwini wake. Ndi mlandu umenewo."

Konipe anakamupeza wa diso limodziyo pakhonde la sitolo, atafunda bulangete latsopano. Konipe ankafuna kumupotokola khosi, koma khosilo linali loonda kwambiri moti anachita nalo manyazi.

"Ndiwe Konipe Yahola?"

"Lachiwiri ndinali iyeyo. Lero akuti ndine mkulu wina wa kumudzi wa Okfuskee." Anasendera kuti Konipe akhale. "Dzina langa lenileni ndi Hotulke. Ogula mindawa amandipatsa kachasu ndi chofunda, ine n'kumavomera dzina lililonse."

"Ulibe chisoni, mbale wanga?"

"Munda wanga anaugulitsa ndi munthu wamtali, wa maso awiri. Nditakadandaula anati ndine wabodza."

Konipe anakhala pansi, mkwiyo utasowa poti n'kutera. Anamwa limodzi phala la chimanga, n'kubwerera.

Kunyumba anapeza Pruitt ali padenga, akudandaula kuti likudontha.

"Mwini wake wakale anali mlesi," anatero mzunguyo. "Koma iwe ukuoneka wamphamvu. Chimangachi chacha, ndikufuna wokolola."

Banjalo linasamukira m'khola, ndipo Konipe anakolola chimanga chimene anabzala yekha. Pruitt anamupatsa dengu limodzi n'kumuuza kuti akakhala pafupi ndi azungu aphunzira kulima.

"Mwamva, abambo? Muphunzira," anatero Mahoyi, akusinja.

Chaka chotsatira asilikali anabwera kudzasamutsa Amuskogi onse kupita kumadzulo, kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi. Mahoyi anamanga mbewu m'nsalu, Konipe anasenza mphika. Pruitt anawaperekeza mpaka pamsewu ali wokhumudwa zenizeni, akuuza msilikali kuti boma silimvera alimi chisoni, lamulanda wantchito wabwino nthawi yolima itayandikira.