Mwera wa Chaka Chino

"Ndiye akuti wakabazayo atafika pamlatho anayamba kupikisana ndi lole," Ajira ankafotokoza uku akusankha nyemba m'lichero. "A Andreya kumbuyo akukuwa, 'Mwanawe, kunyumba sindinatsanzike!' Mpaka onse awiri khu, mumchenga."

Amayi amene anali m'nyumba ya siwa anaseka. Kanali koyamba kumveka kuseka m'nyumbamo chiikireni maliro dzana, ndipo ena anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Mabel sanaseke. Anali pamphasa pakona, atatsamira khoma, mpango wakuda uli kumutu. Buluku limene mwamuna wake anavala tsiku limenelo ankalikumbuka bwino. Linabwera long'ambika pabondo, ndipo analisoka yekha. Atafunsa chimene chinachitika, a Andreya anangoti, "Msomali." Za kabaza, za lole, za mchenga, ankazimva lero, mwini wake ali m'manda, kuchokera pakamwa pa mkazi wa munthu wina.

Ajira, amene ambiri ku Malindi ankamutchula Abiti Dinala, anali mkazi wa che Sumani, mnzawo wa a Andreya wa paubwana. Amuna awiriwa, wina Mkhristu wina Msilamu, anagula limodzi boti ndi chilimira, khoka lalikulu lophera usipa, ana awo asanayambe n'sukulu yomwe. Che Sumani atagwidwa ndi sitiroko, n'kufa mbali imodzi, n'kusiya kuyankhula, a Andreya anayamba kupita kwawo m'mawa uliwonse. Zimenezo Mabel ankazidziwa ngati wina aliyense m'mudzimo. Chimene sankadziwa n'chakuti kumeneko mwamuna wake ankasanduka munthu wankhani.

Kunyumba a Andreya mawu ankachita kuwaumira ngati machesi a m'nyengo ya dzinja. "Ndapita." "Ndabwera." "Madzi atentha?" Mabel ndiye ankayankhula, za kukwera kwa tomato pamsika, za fumbi la pamsewu, za amene wawaona akutsika matola, ndipo iwo ankangogwedeza mutu, maso ali paukonde umene akusoka. Iye anazolowera. Ankadziuza kuti Mulungu anawalenga choncho.

"Asanayambe chibayo chija," Ajira anapitiriza, "anati mwera wa chaka chino uli ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Ukamuperekeza mpaka pamsewu, pobwerera ukumupeza wakhala kale pakhonde."

"Ee, anali nawo mawu a Andreya," mayi wina anatero, akupukusa mutu.

Mabel anadzutsa mutu. Mawuwo anali ake. Anawanena yekha tsiku lina akutola zovala zimene mphepo inagwetsa pachingwe. A Andreya anali pampando chapafupi, ndipo sanayankhe, ngakhale kumwetulira komwe. Kani anawatola mwakachetechete n'kukawapereka kwina, kumene anthu anakaseka nawo.

"Abiti Dinala," anatero osakweza mawu, "nyembazo moto ukuzidikira. Nkhani za amuna anga zina musiyeko za mawa."

Ajira ananyamula lichero n'kutuluka.

Masana, anthu atapita kukadya panja, Trevor analowa. Anali mwana wawo wamwamuna yekhayo, wogwira ntchito ku Blantyre. Ananjuta pafupi ndi mphasa, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Amayi, ine Lolemba ndiyenera kukhala kuntchito. Nkhani ya boti ija tiimalize ndisanapite."

"Boti latani?"

"Aziliyang'anira ndani? Alovi aja, asodzi aganyu a m'botimo, ankaopa ababa okha. Inuyo azikuberani mukuona, injini n'kuiwononganso. Pali munthu wa ku Makanjira akulifuna, ndi chilimira chomwe. Afika mawa m'mawa."

"Nanga a kwa che Sumani?"

"Che Sumani anasiya kalekale kukweramo. Injini anagula ndi ababa, matabwa anasintha ndi ababa. Zimene ankawagawirazo chinali chifundo chabe. Tiwapatsako kangachepe, nkhani ithe."

Mabel ankadziwa kuti nyumba ya Ajira imadyera m'botimo, ufa, sopo, mankhwala a wodwala, zonse. Ankadziwanso zimene a Andreya akanayankha. Koma m'mutu mwake munkangobwera chithunzi chimodzi: Ajira ali pakhonde, kapu ya tiyi m'manja, akuseka mpaka misozi, mwamuna wa mwini akumufotokozera za ulendo wa kuboma. Zaka zoposa makumi anayi iye anaphikira munthuyo, kumuchapira, kumuberekera, kumugwira mutu pabedi lachipatala mpaka mpweya womaliza. Ngakhale pamenepo chimene anamuuza chinali chakuti, "Windo utseke."

"Gulitsa," anatero.

Trevor anaoneka wodabwa kuti zatheka msanga chotero. Anaimirira n'kutuluka akuimba foni.

Dzuwa litapendeka Ajira anabwera kudzatsanzika. Anagwada pakhomo, manja atawaphatikiza.

"Amake Trevor, ndikaone wodwala. Pepani za m'mawa zija. Pakamwa pangapa pamanditsogolera."

"Pitani bwino."

Ajira sananyamuke. "Pali china. Che Sumani sindinawauze. Adokotala anati asamadzidzimuke. Belu la kutchalitchi litalira ndinati wamwalira mkulu wina wa kumtunda. A Andreya ndinati apita ku Blantyre kukaona adzukulu."

"Ndiye?"

"Sakudya. Phala akulavula. Kukacha maso amangokhala pachitseko. Ine ndayesa kuti ndinene, lilime likukana. Mwina Trevor atabwera, poti ndi mwamuna..."

"Ndibwera ndekha mawa," Mabel anatero. "Ndili nazo ziwiri zoti ndiwauze."

Kutacha, amayi a mpingo anamuletsa. Anati namfedwa satuluka msanga chotero, anthu anena chiyani. Mabel anangofunda nsalu yachiwiri n'kuvala masilipasi. Kunja mphepo inkakokolola mapepala ndi masamba a mango m'njira. Anthu amene anakumana nawo ankapatuka mwaulemu, ena kumupepesa, ena kungoti, "Kwazizira lero, mayi." Iye ankayankha ndi mutu. Mawu ake anali atawakonza usiku wonse, ndipo sanafune kuti abalalike. Mnzanu anamwalira, tinaika. Boti likugulitsidwa. Ankafuna kuona nkhope ya Ajira pomva lachiwirilo.

Nyumba ya che Sumani inali ya njerwa zosawotcha, kufupi ndi doko, koma windo la chipinda chawo linayang'ana kumpanda wa udzu wa oyandikana nawo. Mkatimo munkanunkhira sopo ndi mafuta odzola. Mkuluyo anali chagada pabedi lazingwe, kofia yoyera ili kumutu, atawonda kuposa mmene Mabel ankaganizira. Pambali pa bedi panali kampando kamatabwa kakafupi.

Chitseko chitalira, maso a che Sumani anawala. Kenako anaona kuti ndi Mabel. Anayang'ana kumbuyo kwake, kudikira wina, koma kumbuyoko kunali Ajira yekha.

"Mwadzuka bwanji, che Sumani?" Mabel anatero ali chiimire.

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzutsa dzanja lamanja, limene linatsala lamoyo, n'kulitambasulira kunja kwa bedi, chikhatho chili m'mwamba, zala zitapindika ngati munthu wofuna kumwa pachitsime.

Mabel anatembenukira kwa Ajira. "Akupempha chiyani?"

"Madzi a m'nyanja," Ajira ananong'ona. Analoza kabotolo kapulasitiki kamene kanali pawindo, kakale, kachikasu ndi dzuwa. "A Andreya akafika ankayamba atenga ako n'kutsikira kudoko. Pobwera amawathira m'dzanja kuti amve okha ngati nyanja yazizira kapena yafunda. Akuti msodzi sungamuuze za nyanja ndi pakamwa pokha, akutsutsa. Akatero ndiye amakhala pansi, nkhani kuyamba."

"Inu mumakhala pati akamacheza?"

"Ine? Kumoto, kapena pochapa. Ndinkangomvera pawindo. Ine a Andreya ankangondipatsa moni pobwera ndi popita, basi."

Mabel anayembekeza kuti chinthu chimene chinkamuwawa kuyambira dzulo chitha. Sichinathe. Chinangosamuka. Anayang'ana munthu wogona uja, mlomo wopotoka, malovu akutsikira pakansalu kamene Ajira anaika pakhosi, ndipo anamuchitira nsanje. Uyu ndiye anadya mawu onse a mwamuna wake, m'mawa ndi m'mawa, osabweza ngakhale limodzi. Kwa iye, amene ankafunsa ndi kudikira yankho, palibe tsiku anabweretsapo kanthu m'dzanja.

Anatsegula pakamwa kuti anene zimene anabwerera. Dzanja lija linali likadali m'malere. Linaoneka lotopa, koma silinatsike.

Mabel anatenga kabotolo kaja n'kutuluka.

Kudoko maboti ambiri anali pamtunda, ndipo mathandala oyanikapo usipa anali opanda kanthu. Mafunde ankamenya mchenga mwaukali. Trevor anali pafupi ndi boti la bambo ake pamodzi ndi bambo wina wa jekete lachikopa, amene ankagogoda matabwa ndi chala n'kumatchera khutu.

"Amayi! Mukutani kuno? Mphepo imeneyi mudwala nayo."

Mabel anapita kwa mlendoyo. "Bambo, pepani, mwayenda ulendo wautali. Botili lili ndi eni ake awiri, ndipo mmodzi ali moyo. Silikugulitsidwa."

"Koma amayi, dzulo munati..."

"Dzulo ndinati, lero ndikuti."

"Nanga alovi aja?"

"Ndithana nawo ndekha. Pakamwa ndili napo, bambo ako ankadziwa."

Trevor anayang'ana mlendo wake, kenako mayi ake. Mabel anavula masilipasi, anakwinya chitenje pang'ono, n'kulowa m'madzi mpaka m'akakolo. Kuzizira kwake kunamubaya mpaka m'mano. Anawerama n'kumiza kabotoloko, funde n'kumunyowetsa mkono wonse ndi nsonga ya nsalu.

Atabwerera anapeza Ajira akuyesa kugoneka dzanja la mwamuna wake, koma litangomva chitseko linadzukanso. Mabel anapendeketsa kabotoloko. Madzi anadzaza chikhatho, ena kudutsa m'mipata ya zala n'kudontha pamkeka. Che Sumani anatseka maso. Anafumbata pang'onopang'ono, chala chachikulu chikusisita zinzake, n'kutulutsa kamawu kakang'ono kukhosi.

"Musathire onse," Ajira anatero atasunthira pakhomo. "Ankasiyako theka. Otsalawo ankawathira ponyamuka, kuti mnzawo adziwe kuti zalero zatha, asamangoyang'ana kuchitseko."

Mabel anakhala pakampando kaja. Kanali kakafupi kwambiri, mwendo umodzi wogwedera, ndipo anadabwa kuti munthu wamtali ngati a Andreya ankakhalapo bwanji.

"Yazizira," anatero. Mawu anatuluka osasa, ndipo anakhosomola. "Mwera sunaleke chiyambireni usiku. Maboti ambiri sanalowe, mathandala ali mbee. Cha ku Namizimu kwachita mitambo, koma si ya mvula, ndi yongoopseza."

Che Sumani anatsegula maso. Anayang'ana mpango wakuda uja, n'kuyang'ana kampando kamene Mabel anakhalapo. Msozi unatuluka pakona pa diso n'kutsetserekera kukhutu, wina n'kuutsatira. Mabel sananene mawu amene anakonza aja, ndipo anaona kuti sakufunikanso. Ajira anabwera mwakachetechete n'kupukuta nkhope ya mwamuna wake ndi kansalu.

Mabel anayang'ana kabotolo m'manja mwake. Madzi anali pakati. Anakaika pansi, pafupi ndi phazi lake, n'kukonza nsalu pamapewa.

"Mawa ndikufuna ndipite kuchigayo," anatero, "ngati magetsi ayaka."